Ku Pennsylvania seneta amatuluka thukuta, kuno ku Canada amangodikira kukwanitsa zaka 75

Kwa nthawi yaitali ndinkawaseka alamu anga a ku Erie, mzinda wa ku Pennsylvania. Ndinkati kwanu ku America kampeni siitha, pa TV ndi kutukwanana kokhakokha, pomwe ife kuno ku Ontario kampeni ya chisankho cha dziko lonse ndi milungu isanu kapena kuposera pang'ono, timachonga papepala ndi pensulo, mavoti n'kuwerengedwa pamanja usiku womwewo. Koma nditapita kukawachezera mu November 2024, ndinabwerako pakamwa patatsekeka.

Mwezi umenewo kunali chisankho cha seneta (phungu wa nyumba yachiwiri ya malamulo). Bob Casey wa Democrat anali pampandowo kuyambira 2007, ndipo dzina la Casey ku Pennsylvania si lamasewera, bambo ake anakhalapo gavanala. Womulimbirana mpandowo anali Dave McCormick wa Republican, yemwe uja anagwa pa mapulaimale a 2022 kwa Mehmet Oz ndi mavoti osakwana 1,000. Pa mavoti pafupifupi 7 miliyoni, anasiyana ndi mavoti cha m'ma 15,000 okha. Lamulo la kumeneko limati kusiyana kukapanda kupitirira theka la peresenti imodzi, awerengenso, ndipo anayambadi kuwerenganso.

Alamu angawo amagwira ntchito usiku. Ankafika m'mawa, nsapato osavula, tiyi akuzizira patebulo, maso pafoni kuona ngati manambala asuntha. Mkangano unafika mpaka pa maenvulopu: munthu wavota kudzera pa positi koma waiwala kulemba deti kunja, voti yake iwerengedwe kapena ayi? Khothi lalikulu la Pennsylvania linati ayi. Pa 21 November Casey anavomera kuti wagonja. Zaka 18 zinathera pomwepo.

Nditabwerera kuno ndinafunsa anzanga kuntchito kuti anditchulire seneta mmodzi yekha wa Ontario. Tili nawo mipando 24. Anthu anangoyang'anana, wina n'kutchula phungu wa kwawo.

Nanga awadziwa bwanji? Maseneta onse 105 sitiwavotera. Prime minister amapereka dzina, Governor General (woimira mfumu) n'kuvomereza, basi, munthu wakhazikika mpaka adzakwanitse zaka 75. Patrick Brazeau analowa mu 2009 ali ndi zaka 34, ndiye kuti akhoza kukhalamo mpaka 2049. Mwana wobadwa tsiku limene iye ankalumbira adzakhala ali ndi zidzukulu m'njira. Ndipo lamulo lakale lija lidakalipo, loti seneta akhale ndi malo kapena nyumba ya madola 4,000. Inde, kuyambira 2016 pali komiti imene imasefa mayina, ndipo ambiri salowanso ndi chipani. Komabe ine wokhoma msonkho sindifunsidwa.

Sindikuti za ku America zonse ndazikonda ayi. Ndalama zimene zimathiridwa pampando umodzi n'zochititsa nseru, ndipo foni ya achemwali anga inali yodzaza mauthenga opempha madola asanu ngati kuti ali ndi ngongole. Phokoso limenelo akhale nalo okha. Kwathu ku Malawi ndiye tisayambe n'komwe, senate inalembedwa m'malamulo a 1994 n'kufufutidwa mu 2001 isanakumaneko ngakhale tsiku limodzi.

Alamu anavotera Casey, ndipo zinawawawa. Koma pondiperekeza kugalimoto anangoti, "Alamu, musadandaule, McCormick tikumana naye mu 2030." Ndinawoloka mlatho wa ku Buffalo ndikuwerenga pamtima kuti kuno ine ndingamudikirire ndani, chaka chiti.