Bwana akamati "ndilibe nthawi", ena tonse timaima

Ndagwira ntchito pansi pa mabwana kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti ambiri saperewera maola. Chimene chimawadyera nthawi n'chakuti chilichonse amafuna chidutse m'manja mwawo.

Sindidzaiwala fayilo ina yomwe inagona pa desiki ya abwana masiku 9 ikungodikira siginecha. Inali nkhani yogula tizipangizo ta mu ofesi, yoti mkulu wa dipatimenti akanaimaliza yekha m'mawa umodzi. Tsiku lililonse ndinkapita kukasuzumira, asekilitale n'kungoti, "Ali mu miting'i." Mafayilo ena anaunjikana pamwamba pake mpaka kangodya kake kokha ndi kamene kankaoneka. Anthu anayi tinangoti manja lende, ntchito itaima.

Abwanawo sanali aulesi, ayi ndithu. Ankafika ife tisanafike, n'kuweruka kutada. Ndiye mpake kufunsa kuti maola onsewo ankapita kuti.

Mu 2018, Michael Porter ndi Nitin Nohria a ku Harvard Business School, sukulu ya zamalonda ya ku America, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa akuluakulu a makampani 27, omwe aliyense anatsatiridwa kwa miyezi itatu. Anapeza kuti ankagwira ntchito maola opitirira 62 pa sabata, ndipo pafupifupi maola atatu mwa anayi alionse ankathera m'misonkhano. Nanga munthu wotero aziganiza nthawi yanji za komwe kampani ikulowera? Kale mu 1955, C. Northcote Parkinson, mlembi wa ku Britain, analemba mu magazini ya The Economist kuti ntchito imafutukuka mpaka kudzaza nthawi yonse yomwe mwaipatsa. Mukaitana msonkhano wa ola limodzi, udzathadi ola limodzi, ngakhale nkhani yake inali ya mphindi 15.

Maganizo anga ndi awa, inu amene muli pa mipando. Musayambe n'kugula dayale yatsopano kapena kuika apu ina pa foni. Yambani n'kudzifunsa kuti pa zinthu zomwe mwasainira sabata ino, ndi zingati zomwe zinkafunadi inuyo. Zotsalazo perekani kwa anzanu, muwauze malire a ndalama zomwe angavomereze okha, kenako muwasiye agwire. Mutu umodzi susenza denga. Ndikudziwa kuti zimaopsa, chifukwa munthu akalakwitsa dzina lotchulidwa ndi lanu. Koma wantchito amene simunamulolepo kugamula kanthu sadzaphunzira, ndipo mudzakhala mukumunyamula mpaka tsiku lomwe mudzapume pa ntchito.

Misonkhano nayo, ngati palibe chogamula, lembani uthenga anthu awerenge. Maola awiri am'mawa muzitseka chitseko, foni ikhale chete, muganize mofatsa. Kumeneko si kudzikonda, ndi ntchito yomwe anakulemberani.

Fayilo ija anaisainira tsiku la 10, ataimirira, jekete ili kale paphewa. Sanatsegule n'komwe tsamba lachiwiri.