Anyamata a kabaza, kufatsa si matenda

Ana anga oima pa Ginnery Corner, pa Kamba ndi ku Chirimba, tcherani khutu. Msewu wa Masauko Chipembere mwausandutsa bwalo la mpikisano. Njinga imodzi anthu atatu, thumba la makala kumbuyo, helemeti ili lende pa chigongono mutu uli pamtetete. Minibasi ikaima kutsitsa anthu, inu ndi pomwe mukudutsa cha kumanzere komwe gogo akuponda pansi.

Mnzanu akamayendetsa bwinobwino mumamuseka, ati ndi wofatsa, wogona. Mawu amenewa mwawaipitsa dala. Makolo akati "yang'ana mofatsa" ankanena kuti yang'anitsitsa, usathamangire. Wofatsa ndi munthu amene maso ndi mtima zili m'malo. Mnzake wa mawuwa ndi kudziletsa, ndipo muzu wake ndi kuleka: umaleka chinthu, umaletsa mnzako, kenako umadziletsa wekha wapolisi wa pamsewu asanakweze dzanja. Amene anamasulira Buku Lopatulika la 1922 anaika awiriwa moyandikana pa Agalatiya 5:23, chifatso ndi chiletso. Ambiri a inu munaloweza vesi limeneli ku Sande sukulu, koma linatsalira pakamwa.

Ndikudziwa, mwini njinga amafuna ndalama yake madzulo, mafuta nawo akwera. Nanga kabotolo kali m'thumba la jekete nthawi ya nkhomaliro, kameneko akutumani ndi bwana? Boma litaletsa masacheti munangosamukira ku timabotolo. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Okwera, nanunso musadziyeretse. Mayi mwabereka khanda, mwakhala chammbali, dzanja lina lagwira beseni la tomato, ndiye mukuuza mnyamata kuti "thamanga, ndachedwa ku Limbe". Msika wa Limbe unayamba wathawapo? Tapitani ku Queens nthawi yozonda odwala mukaone ku wodi ya mafupa, anyamata amphamvu zawo atagona chagada, mwendo uli m'zitsulo, mayi awo atakhala pambali ndi kontena ya phala.

Ine wa kabaza akanunkha mowa ndimatsika pompo, sindilipira ngakhale khobidi. Ndipo ena a inu amayi anu ndimapemphera nawo, Lamulungu lino ndikawauza.