Ndakwawa pa bowo la mwala ku Cornwall, msana ukupwetekabe koma kuseka ndasiya

Abale anga Loweruka lapitali ndinali off ndiye mnzanga wa kuntchito, mayi wobadwira konkuno ku Cornwall, kumwera chakumadzulo kwa England, atatopa ndi kudandaula kwanga kwa msana anangoti kwera galimoto ndikakuonetse dokotala wa agogo anga. Ine ndimayesa tikupita kwa munthu. Tadutsa Penzance, tadutsa Madron, talowa kamsewu kopita ku Morvah kaja koti galimoto ziwiri sizingapatukirane bwinobwino, kenaka waimika pambali akuti tsika, kwatsalaku ndi wapansi.

Malo ake ndi kumtunda kopanda mitengo, tchire lake lalifupi laminga lamaluwa achikasu, mphepo yochokera kunyanja ikungomenya kumaso ndipo kunali kachifunga ndi kamvula kowaza ngati chiperoni cha ku Thyolo. Tayenda mphindi mwina 15 m'matope, nsapato zanga zoyera zija iwalani. Chapatali kumaoneka chigumula cha nyumba ya injini ya mgodi wakale wa Ding Dong. Kufika pamalopo ndinaseka mpaka misozi.

Dokotala uja ndi mwala. Miyala itatu ya granite, iwiri yoima ngati zipilala uku ndi uku, pakati pali wina wozungulira wa chibowo pakati, ndendende donasi yoimika. Dzina lake ndi Mên-an-Tol, m'chilankhulo cha Cornish ndiye kuti mwala wa bowo basi, palibe zozungulira. Ndipo ndi waung'ono heavy, pazithunzi umaoneka chimwala koma ine umandilekeza cha m'chiuno kupitirira pang'ono, bowolo ndi pafupifupi theka la mita. Anthu a kuno amautchanso Crick Stone chifukwa crick ndi kuja msana kapena khosi likagwira.

Ndakwawa. Mawondo m'matope, jekete lakodwa, mnzanga akujambula uku akufa ndi phwete. Msana lero ndi Lachitatu ukupwetekabe, musavutike kufunsa.

Koma chimene chandikhalitsa pansi kulemba izi ndi zomwe anandiuza tikubwerera. Akuti kale azimayi amabwera ndi ana odwala matewe, aja miyendo imapindika mafupa osalimba, amamuvula mwana zovala nkumudutsitsa pabowopo, ena amati katatu ena kasanu ndi kanayi. Ine ndinaima kaye ndikuganiza mphepo imene ija, ine ndili ndi majuzi awiri koma mano akugundana, ndiye mayi avule mwana wake pamenepo? Munthu sachita zimenezo mongosewera. Ameneyo ndi mayi woti wayesa zonse, mwana sakuyenda, anzake obadwa naye limodzi akuthamanga, bambo ali pansi pa mgodi, ndalama ya dokotala palibe, ndipo ngakhale akanapita kwa dokotalayo nayenso samadziwa chenicheni. Zoti matewe amabwera chifukwa chosowa vitamin D, amene thupi limapanga khungu likaombedwa ndi dzuwa, zinadziwika bwino cha m'ma 1920 momwemu, ndi pamene ana anayamba kumwetsedwa mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod ponseponse. Isanafike nthawi imeneyo mayi uja munafuna atani?

Ndipo nkhaniyi yandikhudza chifukwa ife akhungu lakuda tikabwera kuno timauzidwa kuti tizimwa vitamin D chaka chonse, ma microgram 10 patsiku, poti dzuwa la kuno ndi la dzina chabe makamaka kuyambira October mpaka March. Botolo langa lili pa windo la kukhitchini. Ndiye ine amene ndimagula mankhwala a matenda omwewo pa mtengo wochepera bandulo ya foni ndikaime pamwala paja nkumaseka mayi amene analibe botolo? Ayi ndithu, manyazi anandigwira.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba mu comment kuti mwaona azungu nawonso ali ndi zawo koma kwathu anabwera nkumati zachikunja. Eya ndi zoona, ngakhale ine ndinanena zomwezo m'galimoto, ndinamuuza za Mwala wa Mphini ku Mangochi ndipo anadabwa kuti nafenso tili ndi miyala yoilemekeza. Koma mfundo yanga si imeneyo kwenikweni. Kuno nakonso miyala yaona mavuto. Ku Orkney, kumpoto kwa Scotland, kunali mwala wina wabowo wotchedwa Odin Stone, anyamata ndi atsikana amagwirana manja kudzera pabowo polumbira kuti adzakwatirana ndipo lumbiro limenelo silinali lamasewera. Mu 1814 mlimi wina wobwera amene amachita lendi malowo anauphwanya, anthu a m'deralo anakwiya koopsa koma mwala unali utapita basi. Ku Doagh, County Antrim ku Northern Ireland, wawo ulipobe ndipo maanja amakagwiranabe manja pamenepo. Mên-an-Tol weniweniyu mu 1999 anthu ena anauthira zinthu zoyaka nkuuyatsa moto. Mwala woti suyankhula, sunalakwire munthu.

Chondisangalatsa china, amene anasema bowo lija mwina sankaganiza nkomwe za matewe kapena msana wa munthu. Miyalayi ndi ya kumapeto kwa nyengo ya Neolithic kapena kuchiyambi kwa Bronze Age, tikunena zaka zoposa 3,500, anthu ake sanasiye cholemba chilichonse. William Borlase, m'busa wa konkuno amene amakonda zakale, anaujambula mu 1749 ndipo pa chojambula chake miyalayi sinali pamzere wowongoka ngati lero, kusonyeza kuti mwina pali wina anaisunthako. Akatswiri ofukula zakale a ku Cornwall atayeza malowa cha kumayambiriro kwa ma 1990 anapeza zitsa za miyala ina zobisika m'nthaka, nkuganiza kuti panali bwalo lozungulira la miyala mwina 18 kapena 20. Ena amati wabowowu unali khomo la manda. Ndiye kuti donasi timaijambulayi ndi zotsalira chabe, ndipo nkhani za ana, za azimayi ofuna mimba odutsa chafutambuyo mwezi ukakhala wathunthu, za mapini a brass amene amaika pamwamba pofuna kuombeza, zonsezi zinabwera ndi anthu ena apambuyo amene anaupeza mwala uli chiimire nkuupatsa ntchito malinga ndi mavuto awo. Ine zimenezi sizikundichotsera ulemu, zikungondionetsa kuti mavuto a anthu a m'midzi imeneyi anali otani. Mafupa, msana, kusabereka. Ukamva mndandanda umenewo ngati uli pa benchi ya chipatala cha kwathu Lolemba m'mawa.

Musandimve molakwa, mwana akadwala thamangani naye kuchipatala, ndipo wina akadzaima pamwala paja nkumalipiritsa anthu kuti achira ndidzakhala woyamba kumutchula wakuba. Pamenepa ndi pomwe ndimasiyanitsa. Mayi wosowa pogwira ndi wina, wodyera masuku pamutu mayi ameneyo ndi winanso. Pa Mên-an-Tol palibe geti, palibe tikiti, palibe munthu wovala mkanjo, ungofika nkugwada wekha m'matope.

Tikunyamuka panafika banja lina ndi kamwana ka zaka mwina zitatu kovala ma gumboot ofiira, sikanadikire kuuzidwa, kanangolowa pabowo nkutulukira mbali inayo, kubwerera, kulowanso, mayi ake akuwerenga mokweza uku akuseka. Miyendo yake yowongoka bwinobwino. Mnzanga uja akuti mwezi wamawa tipite ku Lanyon Quoit, miyala ina yakalekale pafupi pomwepo, ndamuuza kuti pokhapokha andigulire nsapato zina.