Mapiritsi a Shuga Si Panado: Chenjezo kwa Odwala ndi Owasamalira

Abale ndi alongo, ndikulemba izi mtima ukundiwawa chifukwa cha zimene ndinaona pamaliro mwezi wathawu. Bambo wina wachikulire, amene wakhala akumwa mapiritsi a shuga kwa zaka zingapo, anadzuka m'mamawa, n'kumwa piritsi lake ndi madzi okha, kenako n'kupita kumanda kukayang'anira adzukulu asanaike kanthu kukamwa. Dzuwa litakwera anayamba kutuluka thukuta lozizira, manja akunjenjemera, mawu akutuluka mosalongosoka, ndipo anthu amene anali naye, m'malo momuthandiza, ankanong'onezana kuti mkuluyu walawirira kachasu. Pakanapanda mayi wina amene anazindikira msanga n'kumusungunulira shuga m'kapu, tikanakumba manda awiri tsiku limenelo.

Chimene chikutipha n'chakuti tikumwa mankhwala amene sitikuwadziwa ngakhale dzina. Ukamufunsa munthu kuti akumwa chiyani, amangoti "timapiritsi toyera ta shuga," pamene m'zipatala zathu odwala shuga wa akuluakulu amapatsidwa kawirikawiri mitundu iwiri yosiyana kwambiri, metformin ndi glibenclamide, ndipo ena amamwa yonse iwiri. Tsegulani buku lanu la kuchipatala lero lomwe muone dzina limene dokotala analemba, ndipo ngati simutha kuwerenga, itanani mwana akuwerengereni.

Glibenclamide, kapiritsi kakang'ono ka 5 mg kaja, amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, mchere wa m'thupi umene umatsitsa shuga wa m'magazi, ndipo sayang'ana ngati m'mimba muli nsima kapena mulibe. Mukamwa n'kudumpha chakudya, mankhwalawo amapitiriza kutsitsa shuga wa m'magazi mpaka ubongo kusowa chogwiritsa ntchito. Shuga akatsika kupyola 3.9 mmol/L pa makina oyezera shuga, kapena 70 mg/dL pa makina ena, munthu ali kale pangozi. Choncho ndikukudzudzulani inu amene mumamwa piritsi n'kunyamula khasu kupita kumunda, n'kumati mudzadya dzuwa likafika pamutu. Ndikukudzudzulaninso inu amene mumasala kudya, kaya ndi pa Ramadan, pa Lenti kapena pa mapemphero a kuphiri, osakafunsa kaye kuchipatala mmene mungasinthire kamwedwe. Kusala si kulakwa, koma kusala uku mukumwa glibenclamide ngati kale n'kuika moyo pachiswe. Kwa ife okalamba, komanso kwa amene impso zawo zafooka, mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, moti shuga akhoza kutsikanso patapita maola ambiri munthu ataoneka ngati wachira.

Palinso khalidwe lina loipa limene lafala: munthu waiwala kumwa dzulo, lero n'kumwa awiri kuti abweze ngongole, kapena wadya keke ndi zakumwa zotsekemera kuukwati, pobwera n'kuwonjezera piritsi payekha. Mlingo umene munadumpha wapita, ingodikirani nthawi yotsatira. Zobwerekana mapiritsi pakati pa anansi nazonso zithe, chifukwa dokotala asanakulembereni anayeza magazi anu, osati a mnzanu wa kutchalitchi. Safunsa anadya phula.

Metformin vuto lake ndi lina. Payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kuletsa chiwindi kuthira shuga wochuluka m'magazi, koma poyamba amachititsa nseru, kuphwanya m'mimba ndi kutsegula m'mimba. Ambiri akaona zimenezi amataya mapiritsiwo mwakachetechete, pobwerera kuchipatala n'kunama kuti akumwa, dokotala n'kuwonjezera mankhwala poganiza kuti oyambawo achepa mphamvu. Imwani metformin mukudya kapena mutangomaliza kudya, ndipo vutolo nthawi zambiri limachepa pakatha milungu ingapo. Likapitirira, kanenani, musabise. Mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera m'impso, n'chifukwa chake impso ziyenera kuyezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo tsiku limene mukusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri mpaka thupi kuuma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti nthawi zambiri amakuuzani kuti muyambe mwaimitsa kaye mpaka mutachira.

Za mowa ndinena mosapsatira mawu. Chiwindi chikatanganidwa ndi kachasu chimaleka kutulutsa shuga amene akanakupulumutsani, ndipo munthu wa glibenclamide akhoza kukomoka ali m'tulo, a m'nyumba n'kumati wagona chifukwa cha kuledzera. Kwa wa metformin, kumwa mowa wambiri kumatha kuchulukitsa asidi m'magazi, vuto losowa koma lakupha.

Ambiri mwa ife tili ndi matenda oposa amodzi, ndipo apa m'pamene manyazi amatipweteka. Ma ARV amene ali ndi dolutegravir, omwe anthu ambiri akumwa masiku ano, amachititsa metformin kuchuluka m'magazi, choncho dokotala ayenera kudziwa kuti aike mlingo woyenera. Bactrim ndi kwinini zimatha kutsitsa shuga kwambiri mwa munthu amene akumwa glibenclamide. Nanga dokotala adziwa bwanji ngati inu muli ndi mabuku awiri, lina la ku ma ARV, lina la ku shuga, ndipo lililonse mumalibisa pakhomo pa linzake? Ikani zonse patebulo, ngakhale mankhwala azitsamba amene munagula m'basi. Mayi amene watenga pakati ali pa mapiritsiwa anenenso msanga.

Ndipo inu amene mumasiya mankhwala chifukwa thupi likumva bwino, kapena chifukwa wina wakulonjezani kuti botolo lake lichiza shuga mpaka kalekale, dziwani kuti kumva bwinoko n'chizindikiro chakuti mapiritsi akugwira ntchito. Shuga wokwera sapweteka msanga, amadya maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete, mpaka kabala kakang'ono ka chala kukana kupola. Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera, koma mankhwala musasiye dokotala asananene.

Kwa inu ana, akazi ndi amuna a odwala, udindo wanu ndi uwu. Mukaona wodwala akutuluka thukuta, akunjenjemera, mtima ukugunda kwambiri kapena akulankhula zosokonekera, musungunulireni masupuni atatu a tiyi a shuga m'madzi, kapena mumwetseni theka la kapu ya Fanta, osati zakumwa zopanda shuga zija. Pakatha mphindi 15 asanasinthe, bwerezani, ndipo akatsitsimuka adye chakudya chenicheni monga phala kapena mbatata, kenako mupite naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Ngati wakomoka, musamuthire chilichonse m'kamwa chifukwa angatsamwe. Mugonekeni chammbali, funani galimoto nthawi yomweyo, ndipo musaiwale kunyamula mapiritsi ake ndi buku lake. Wodwala aliyense aziyenda ndi masiwiti angapo m'thumba pamodzi ndi kapepala kolembedwa kuti ali ndi matenda a shuga komanso dzina la mankhwala amene akumwa.