Yisiti wa mu labu salowa m'mandasi mwanu

Koma anthu ena mumatopetsa. Lero mu minibasi yochokera ku Luwinga mnyamata wina wa tayi ndithu kumatiwerengera pa foni pake kuti asayansi akusintha majini (genes, timalangizo ta m'maselo) a yisiti kuti azifufuzira mankhwala a khansa, basi iye nkumati "mwaonatu, GMO ameneyu atithirira mu buledi atimalize." Amayi ena mpaka kugwira pakamwa. Ase! Ine magazi kuwira.

Yisiti ameneyu satuluka mu labu. Ndi chida choyesera basi, palibe amene akudyetsani. Amatenga yisiti yemweyu wofufumitsira mandasi, yemwe majini ake pafupifupi 6,000 anawawerenga onse mu 1996, nkuchotsamo jini imodzi, mwachitsanzo yokonza DNA ikawonongeka, kenako nkumuika m'timabowo ta kambale kapulasitiki nkudonthezera mankhwala osiyanasiyana, bowo lililonse ake ake. Mankhwala amene apha yisiti wolumalayo nkusiya wabwinobwinoyo ndiye amawatenga kukawayesa pa maselo a khansa, poti khansa zambiri zili ndi chilema chomwecho. Zathera pompo. Buledi walowa pati apa? Ndiuzeni, walowa pati?

Kuyeserako kumachitika pa kambale. Osati pa mwana wanu, osati pa agogo anu. Pa kambale! Asayansi Hartwell ndi Nurse analandira mphoto ya Nobel mu 2001 chifukwa yisiti ndi amene anawaonetsa mmene selo imagawikanira, khansatu ndi selo yomwe ikugawikana osaima. Penisilini amene mumamulirira mukadwala anachokera ku nkhungu ya pa mbale ya wasayansi Fleming mu 1928, nde bwanji simumukana ameneyo? Safunsa anadya phula.

Mwina vuto ndi bandulo, anthu amangowerenga mutu wankhani bandulo nkutha, kaya.

Chikundiwawa nchoti ife ndi amene tikuwafuna kwambiri mankhwala atsopanowa. Khansa ya khomo la chiberekero Malawi ali m'gulu la mayiko otsogola dziko lonse. Menenjaitisi ya Cryptococcus, fangasi amene bungwe la zaumoyo la WHO linamuika pa gulu loopsetsetsa mu 2022, yatenga abale athu ambiri omwe ali ndi kachilombo, ndipo mankhwala ake ndi owerengeka, amphotericin, flucytosine, fluconazole. Fangasi ndi wovuta kupha poti maselo ake amafanana ndi athu, mankhwala omupha amatha kukupwetekanso iwe, amphotericin uja amavutitsa impso. Nde wina akufufuza ena abwinoko pa yisiti, yemwe nayenso ndi fangasi, iwe nkumati ufiti, wakwera minibasi kumaopseza azimayi.

Ndipo inu amene mumagula fluconazole pa kauntala popanda kalata ya dokotala, kumwa kamodzi kuyabwa kukasiya basi mwataya, mawa kugawirako mnzanu wa ku Chibavi, mukuganiza fangasiyo azolowera mankhwala chifukwa cha ndani? Za GMO mumakuwa, izi zii.