Pentani gulu lonse, za maso zisiyeni

Abale anga, makamaka inu amene munayamba kugula mabokosi a tiasilikali tapulasitiki koma botolo la penti simunalitsegulebe, lero ndikuuzeni zanga mosapsatira mawu. Gulu la asilikali 20 opentedwa mwapakatikati, koma onse atatha, limaposa kutali msilikali mmodzi wopentedwa mwaukatswiri pamene anzake 19 adakali mbuu pa shelefu. Ndikudziwa kuti akatswiri a burashi ang'ung'udza. Ndiwayankha, koma ndiyambe ndawafotokozera achibale akumudzi amene amaona zithunzi za tiasilikali tanga n'kumafunsa ngati munthu wamkulu ndi ndevu zake wayambiranso zidole.

Awa ndi masewera a nkhondo ya pa tebulo. Anthu awiri amabwera aliyense ndi gulu lake: asilikali apakavalo, amatsenga, mafupa oyenda okha, zinjoka zamapiko. Kamsilikali kamodzi kamatalika mamilimita pafupifupi 28 mpaka 32, kufupikirapo pa chala chanu chaching'ono. Mtunda amayeza ndi tepi m'mainchesi, ndipo wophedwa ndi wopulumuka amadziwika ndi madayisi. Kuchimake kwa zonsezi ndi kuno ku England. Kampani ya Games Workshop anaiyambitsa ku London mu 1975 ndi Ian Livingstone, Steve Jackson ndi John Peake. Masewera awo a Warhammer anatuluka mu 1983, Warhammer 40,000 mu 1987, Age of Sigmar mu 2015. Lero likulu lawo lili ku Lenton mumzinda wa Nottingham, ndipo mumzinda womwewo mulinso makampani ena a tizidole monga Warlord Games, Mantic Games ndi Perry Miniatures. Mu December 2024 Games Workshop inalowa m'gulu la makampani 100 akuluakulu a pamsika wa masheya wa London. Ndiye amene mumati n'zibwana, dziwani kuti zibwana zake zikudyetsa mabanja.

Tizidoleti sitibwera topentapenta. Mukatsegula bokosi mumapeza mafelemu otuwa, mikono payokha, mitu payokha, mikondo payokha. Mudule, mupale, mumate ndi guluu, kenako mupente nokha. Kudula ndi kumata anthu ambiri amakukonda chifukwa kumayenda msanga. Pakafika pa penti m'pamene manja amalema. Munthu amagula bokosi lina kuti mtima ukhale m'malo, kenako linanso, mpaka kabati kudzaza ndi pulasitiki wotuwa amene mwini wake akamuyang'ana amachita naye manyazi.

Ulesi ulipo, sindikukana, koma ine ndimaona kuti chachikulu ndi mantha, ndipo gwero la manthawo ndikulidziwa. Chithunzi cha pabokosi chija anapenta ndi anthu a gulu la 'Eavy Metal la ku Games Workshop, olembedwa ntchito yopenta basi, m'mawa mpaka madzulo. Zimene mumaona pa Instagram zambiri ndi za anthu okonzekera mipikisano monga Golden Demon, umene unayamba mu 1987, komwe wopambana onse amanyamula lupanga lotchedwa Slayer Sword. Kadole kamodzi ka mpikisano wotero kamatha kudya miyezi. Akakajambula amakakulitsa mpaka nkhope yochepa ngati njere ya mphodza kudzaza foni yonse. Inu mukayerekeza ntchito yanu ya usiku umodzi ndi zimenezo, burashi muiponya pansi.

Koma tafunsani: asilikali anuwo adzawaona ndani, ali pati? Adzawaona mnzanu amene mukusewera naye, ataimirira kutsidya kwa tebulo, pamtunda wa mita imodzi kapena kuposerapo, m'holo ya magetsi osawala bwino, asilikaliwo ali piringupiringu pakati pa timitengo ndi timabwinja. Pamtunda umenewo diso silitola mboni ya m'diso la msilikali, silitolanso kachitsulo ka palamba. Limatola zinthu zitatu zokha: kusiyana kwa powala ndi pakuda, mitundu iwiri kapena itatu imene ikugwirizanitsa gulu lonse, ndi pansi pamene msilikaliyo waima. Mukazikwanitsa zimenezi, anthu odutsa adzaima pa tebulo lanu. Maso ojambulidwa ndi dzanja lonjenjemera amangopangitsa msilikali kuoneka ngati wadzidzimuka. Lowetsani penti wakuda wamadzi m'mabowo a maso, pakhale mthunzi, pitirirani.

Penti wamadziyu ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndiye bwenzi la munthu wofuna kumaliza. Mukapaka mitundu yoyamba, kadole kamaoneka kosalala, kopanda moyo. Ndiye mumatenga penti wosungunuka kwambiri, monga Nuln Oil wakuda uja kapena Agrax Earthshade wofiirira, n'kupaka ponseponse. Iye amathawa pokwera n'kukakhazikika m'mipata, ngati madzi a mvula akamatsata mizere ya m'munda. Akauma, makwinya a nsalu, unyolo wa zovala zankhondo, zala, zonse zimatuluka zokha. Mnzake ndi burashi youma: mumaviika burashi yakale m'penti wowala, n'kuipukuta pa pepala mpaka kuoneka ngati mulibe kanthu, kenako n'kuikwecha mopepuka pa ubweya kapena pa chitsulo. Penti amangotsalira pamwamba pa zotumphuka. Njira ziwiri zokhazi zapenta magulu ankhondo osawerengeka kuyambira kalekale tizidole tidakali tamtovu.

Mu 2019 kunabwera mapenti a Games Workshop otchedwa Contrast, kenako a Army Painter a ku Denmark anatulutsa awo otchedwa Speedpaint. Amenewa amagwira ntchito ziwiri pakamodzi: mukawapaka pa kadole koyera, mtundu umagwira, mthunzi nawo umadzikhalira m'mipata. Anthu anapezanso njira imene amaitcha slapchop: kupopera wakuda poyamba, kukwecha wotuwa, kukwecha woyera pamwamba penipeni, kenako kuthira Contrast. Kuwala ndi mdima zimakhala zakhazikika kale mtundu usanafike. Apa m'pamene akuluakulu ena a ntchitoyi anayamba kudandaula kuti uku n'kubera, kuti achinyamata sadzadziwa kupenta. Ine ndimangofunsa kuti akubera ndani? Palibe mayeso pano. Pulasitiki anagula ndi ndalama zake, nthawi ndi yake, ndipo ambiri mwa ife timapenta tikaweruka ku shifiti, maso ali psuu. Munthu amene wabwera ndi gulu lathunthu lopentedwa mwachanguchangu wandipatsa ulemu waukulu kuposa amene wabwera ndi pulasitiki wotuwa n'kumandiuza za mmene adzapentere bwino tsiku lina.

Zina zimene akuluakuluwo amanena n'zoona, ndisawanamizire. Contrast amachita bwino pa ubweya, mafupa, nsalu ndi khungu. Pamalo osalala, monga zishango zazikulu, akasinja, kapena zovala zachitsulo za ma Space Marine (asilikali a mu Warhammer 40,000), amadikha n'kuuma mawangamawanga, ndipo pamenepo penti wamba amamuposa. Komanso sangakuphunzitseni kusakaniza mitundu kapena kujambula kamzere kowala m'mphepete mwa lupanga. Luso limenelo limabwera ndi burashi m'manja. Koma limabwera kwa munthu amene wapenta tizidole 100, osati kwa amene wakhala chaka chonse akuopa kamodzi. Dzanja la pa msilikali wachikhumi si lomwe lija la pa msilikali woyamba, ndipo mudzaziona nokha mukawaika pamodzi.

Ngakhale eni ake masewerawa anaona kuti vuto ndi kusamaliza. Malamulo a Warhammer 40,000 amene anatuluka mu 2020 anaika mapointi 10 aulere kwa aliyense amene gulu lake lonse lafika pamlingo wotchedwa Battle Ready. Mlingo wake si wapatali: mitundu yoyamba, mthunzi, ndi pansi pokonzedwa. Ena anakwiya kuti kupenta kwalowa bwanji m'zigoli. Ine lamulolo ndimaligwirizana nalo, chifukwa silifunsa kuti mwapenta mokongola bwanji, limangofunsa ngati mwamaliza.

Musandimve molakwa, kufulumira si kuchita mwachisawawa. Pali malo amene mukadumpha, ntchito yonse imaonongeka. Timizere totsalira pamene zikombole ziwiri za kufakitale zinakumana tipaleni ndi kumsana kwa mpeni musanapente, chifukwa penti wamadzi uja amationetsa poyera kuposa china chilichonse. Penti wapansi, amene amati primer, musamudumphe, apo ayi mitundu idzasupuka ndi zala zanu zomwe. Ndipo penti musamutape m'botolo n'kupaka wolimba choncho. Duncan Rhodes, amene ankaphunzitsa anthu kupenta pa mavidiyo a Warhammer, anatchuka ndi langizo limodzi lokha, lopaka kawiri mopyapyala. Anali ndi mfundo. Penti wokhuthala amakwirira nkhope, ndipo nkhope yokwiririka palibe mthunzi ungaibweze. Kadontho ka madzi n'kokwanira.

Kapentedwe kake kakhale ka gulu. Ikani asanu kapena khumi pamzere, pakani nsapato za onse, kenako khungu la onse, kenako zitsulo za onse. Pofika kwa womaliza, woyamba uja wauma. Zimatopetsa, inde, ndipo pakati pa ntchito onse amaoneka onyansa moti mtima umafuna kusiya. Limbikirani mpaka mthunzi ulowe. Mkulu wa asilikali, mfiti ya gululo, kapena chinjoka chija, amenewo asungeni akhale mphotho ya kumapeto. Kumeneko thirani luso lanu lonse, ngakhale maso ajambuleni ngati dzanja likulola, chifukwa amenewo ndi amene anthu amanyamula n'kuyandikitsa kumaso.

Pansi pa msilikali anthu amapanyozera, chonsecho m'pamene pamagwirizanitsa gulu. Guluu woyera wa matabwa, mchenga wosefa, penti, kukwecha pang'ono, kaudzu kongopanga apa ndi apo, m'mphepete monse mtundu umodzi. Ntchito ya mphindi zochepa, koma imasintha zonse. Anga onse amaima pa dothi lofiira la katondo. Anzanga kuno amaganiza kuti ndi dziko la Mars, ine ndimangomwetulira.

Zida nazo zisakuimitseni. Oyamba kumene amathamangira kaburashi kakang'ono zedi poganiza kuti kadole kakang'ono kamafuna kotero. Kameneko kamasunga penti wochepa, amauma musanafike pa kadole. Burashi ya nambala 1 kapena 2 yosongoka bwino imagwira pafupifupi ntchito yonse, bola penti asafike ku kachitsulo kogwira ubweya, ndipo muziitsuka ndi sopo. Posakanizira penti dzipangireni nokha: kontena ya chakudya, siponji kapena mapepala opukutira onyowa pansi, pepala lophikira makeke pamwamba. Penti amakhala wonyowa kwa maola. Inu amene mukupentera ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni m'nyengo yotentha, kameneka n'kofunika kwambiri kuposa ife a kuno kozizira. Ndipo mukamatuma m'bale wobwera pa ndege, musamutume penti wopopera wa m'chitini, salola m'ndege ngakhale m'chikwama chachikulu. Muuzeni agule primer wa m'botolo wopaka ndi burashi, monga wa Vallejo.

Amene mukuopabe kuti muononga kadole kodula, dziwani kuti penti wa akiriliki amene timagwiritsa ntchitoyu amachoka. Viikani kadole kapulasitiki m'mankhwala amadzi otchedwa isopropyl alcohol, kwechani ndi mswachi wakale, kabwerera mwakale. Mankhwala ena otchedwa acetone okha musayese pa pulasitiki, amasungunula, ndi a tizidole tachitsulo basi.

Mukamaliza, tetezani ntchito yanu ndi vanishi wosanyezimira, chifukwa tizidoleti timagwidwa, timagwa, timakhulana m'bokosi popita ku masewera. Apa pokha ndiye musafulumire. Vanishi wopopera akakumana ndi chinyezi kapena kuzizira amauma moyera mbuu pamwamba pa penti, ndipo ambiri alira naye usiku woti mawa kuli mpikisano. Khutchumulani chitini mokwanira, sankhani tsiku louma, poperani muli chapatali pang'ono, ndipo yambani mwayesa pa msilikali mmodzi wa mzere wakumbuyo. Akauma bwinobwino, m'pamene mupopere enawo.