Mabayiti asanu sangakuuzeni zonse za purosesa yanu

Pakati pa achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu kuno ku Chipata pali mpikisano umene ndimaukonda, wolemba khodi yaifupi kwambiri yodziwira ngati kompyuta ndi ya mabiti 32 kapena 64. Ndimaukonda chifukwa umakakamiza munthu kusuzumira m'kati mwa makina, koma ndili ndi nkhawa ndi mmene yankho la khodi zoterezi likumvedwera, makamaka ndi anzathu okonza malaputopu. Maganizo anga ndi akuti khodi zazifupizi zimanena za pulogalamu imene ikuyenda pa nthawiyo, sizinena za purosesa yeniyeniyo, ndipo mmisiri wosadziwa kusiyana kumeneku amaonongetsa anthu ndalama zawo.

Manambala a 32 ndi 64 amanena kukula kwa nambala imene purosesa, ubongo wa kompyuta, imanyamula pa nthawi imodzi, powerenga mabiti (biti imodzi ndi 0 kapena 1), chimene akatswiri amachitcha word size. Intel 8086 ya mu 1978 inali ya mabiti 16, Intel 80386 ya mu 1985 inabweretsa 32, ndipo mu 2003 kampani ya AMD inatulutsa Opteron, imene inafikitsa banja la mapurosesa amenewa, lotchedwa x86, pa mabiti 64. Kwa munthu wogula laputopu nkhani yagona pa RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, chifukwa mabiti 32 amatha kuloza malo okwana 4,294,967,296 okha, omwe ndi magigabayiti 4, ndipo Windows wamba wa mabiti 32 safika n'komwe pamenepo.

Wophunzira chinenero cha C amayamba ndi sizeof(void *), imene imayesa kukula kwa adiresi ya mu RAM n'kupereka mabayiti 4 kapena 8, n'kuchulukitsa ndi 8 popeza bayiti imodzi ili ndi mabiti 8. Ndi mzere umodzi wokha ndipo sulakwa, koma yankho lake limakhazikika pa nthawi imene pulogalamu ikumangidwa, purosesa isanaione n'komwe. Ena amasankha sizeof(long), ndipo awa ndiwo amagwa m'mbuna msanga, pakuti pa Linux wa mabiti 64 imapereka 8 pomwe pa Windows wa mabiti 64 imapereka 4.

Khodi imene imandisangalatsa kuposa zonse ndi ya mabayiti asanu awa, olembedwa m'kawerengedwe ka hexadecimal, kogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi A mpaka F: 31 C0 40 90 C3. Mabayiti awiri oyambawo amafufuta zonse zimene zili mu rejisita ya eax, kamalo kosungira nambala m'kati mwa purosesa, kuti mutsale 0. Chinsinsi chili pa bayiti yachitatu. Purosesa ikamayenda m'njira ya mabiti 32, bayiti ya 40 ndi lamulo lathunthu lowonjezera 1 mu eax, pomwe 90 ndi lamulo losachita kanthu, kenaka C3 imabwezera yankho kwa woitana, lomwe ndi 1. Koma pamene akatswiri a AMD ankakonza njira ya mabiti 64 anafunika malo olembapo marejisita atsopano asanu ndi atatu, a r8 mpaka r15, choncho analanda mabayiti onse 16 oyambira pa 40 kufika pa 4F n'kuwasandutsa chizindikiro chotsogolera lamulo, chotchedwa REX. M'njira ya mabiti 64, ndiye kuti, 40 imamatirira kwa 90, ziwirizo n'kukhala lamulo limodzi losachita kanthu, ndipo yankho limatuluka 0. Mabayiti ndi omwewo, koma purosesa imawawerenga mosiyana malinga ndi njira imene ikuyendamo. Mwana wa sukulu amene wamvetsa zimenezi waphunzira zambiri za makina kuposa amene waloweza tsamba lonse la matanthauzo, ndipo ndikanakonda aphunzitsi a makompyuta a m'chigawo chathu chino atamazionetsa kwa ophunzira amene ali ndi chidwi.

Komabe taonani bwino chimene khodiyi yapeza. Yapeza njira imene purosesa ikuyendamo pa mphindi imeneyo basi. Purosesa ya mabiti 64 ya Intel kapena AMD imatha kuyenda m'njira ya mabiti 32 popanda vuto, kaya chifukwa Windows amene anaikidwamo ndi wa 32, kaya chifukwa pulogalamuyo ndi ya 32 ndipo Windows wa 64 akuiyendetsa kudzera mu WOW64, gawo lake loyendetsa mapulogalamu a 32. Mabayiti asanu aja adzayankha 1 m'malo onsewa. Lole ya matani khumi ikanyamula matumba awiri a mtedza kuchokera ku Katete, wowerenga matumba sanayese kukula kwa loleyo.

Malaputopu ambiri amene amagulidwa m'tauni muno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ena amafika ali ndi Windows wa mabiti 32 amene wina anaikamo chifukwa ndi amene anali pa fulashi yake tsiku limenelo. Ndinaona laputopu ya mayi wina wophunzitsa ku pulayimale, amene anali atagulitsidwa RAM yowonjezera kuti ikwane magigabayiti 8, koma pa sikirini pankaoneka kuti makinawo akugwiritsa ntchito atatu ndi pang'ono chabe. Munthu wina anawauza kuti, “Amayi, makina anuwa ndi a 32, gulani ena.” Komatu pa tsamba lomwelo la System, m'munsi pang'ono, panalembedwa poyera kuti Windows ndi wa 32-bit pomwe purosesa ndi x64, kutanthauza ya mabiti 64. Chimene chinkafunika ndi kusunga mafayilo awo, kufufuta diski, ndi kuikamo Windows wa 64, ntchito ya masana amodzi. Zinandiwawa chifukwa ndalama ya laputopu ina, kwa mphunzitsi, ndi ya miyezi ingapo.

Njira yoyenera ndi kufunsa purosesa mwini wake. Lamulo la CPUID, mukaliitana ndi 0x80000001 mu eax, limabweza mu rejisita ya edx mndandanda wa zimene purosesa ingathe, ndipo biti ya nambala 29 ndi imene imanena ngati ili ndi njira ya mabiti 64. Khodi yake ndi yaitaliko, chifukwa munthu wosamala amayamba waona ngati purosesayo ikulidziwa funso limenelo, koma ndi imene imayankha zimene kasitomala wabwerera. Amene sakufuna kulemba kanthu angayatse Linux kuchokera pa fulashi n'kulemba lscpu, kapena kufunafuna zilembo ziwiri za lm mu /proc/cpuinfo. Lamulo la uname -m musalidalire pa nkhaniyi, chifukwa nalonso limanena za Linux amene wayatsidwa.

Sindikunena kuti makina a mabiti 32 okha kulibe. Timalaputopu tating'ono ta Atom N270 ta mu 2008 ndi malaputopu a Core Duo a mu 2006 sangayende m'njira ya 64 ngakhale mutatani, pomwe Core 2 Duo, imene dzina lake likusiyana ndi nambala imodzi yokha, ingathe. Pa makina a ARM, banja lina la mapurosesa, nkhani ndi yomweyo: Raspberry Pi 3 ya mu 2016, kompyuta yaing'ono kwambiri, inali kale ndi purosesa ya mabiti 64, koma Raspberry Pi OS wa 64 anatulutsidwa mwalamulo mu February 2022, ndipo mafoni ena otsika mtengo a Android amayenda ndi mabiti 32 pa purosesa imene ingathe 64.

Nkhaniyi yakula tsopano popeza Windows 11, amene anatuluka mu 2021, alibe mtundu wa mabiti 32, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 wamba pa 14 October 2025. Anthu ambiri abwera kwa inu amisiri kudzafunsa ngati makina awo angapitirize kugwira ntchito. Kukhala ndi purosesa ya 64 pakokha sikukwanira kuti Windows 11 alowe, pakuti amafunanso chida cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya m'zaka zaposachedwa, koma ndi kokwanira kuti Ubuntu kapena Linux Mint wa lero ayende, RAM yonse n'kugwira ntchito. Pempho langa kwa inu abale anga okonza makompyuta, kuyambira ku Kapata mpaka ku Lundazi ndi ku Petauke, ndi lakuti musanauze munthu kuti ataye laputopu yake, muyambe mwaona biti ya 29 ija.